Zimene ndinaona poperekeza mphwanga kukafunsira viza ya ku America

Chinyamukireni mwana wa achemwali anga kupita ku America mu Seputembala 2024, anthu a kuno ku Chitakale ndi midzi yozungulira akhala akundiimitsa pamsewu, ena kundilembera pa WhatsApp usiku, ndipo onse funso lawo ndi limodzi: kodi pawindo la kwa kazembe paja amafunsa zotani? Alipo ena amene amandipempha kuti ndiwalembere mayankho oti akaloweze pamtima ngati ndakatulo ya kusukulu. Ndaganiza zoyankha onse pano kamodzi, ngakhale ndikudziwa kuti yankho langa silikoma m'khutu. Pawindo paja mphwanga sanathepo ngakhale mphindi khumi. Chimene chinatisowetsa tulo kwa miyezi khumi ndi isanu chinali mapepala athu omwe, amene ankatsutsana okhaokha, ndiponso chifuwa chimene mnyamatayo anadwala kale n'kuchira.

Iye analowa mayere a DV mu Okutobala 2022. Kwa amene sakudziwa, awa ndi mayere amene boma la America linakhazikitsa ndi lamulo la mu 1990, ndipo malire ake ndi maviza 55,000 pachaka dziko lonse lapansi. Nthawi imeneyo zotsatira zinkatuluka mu Meyi, ndipo munthu ankadzionera yekha pa intaneti pogwiritsa ntchito nambala imene anapatsidwa tsiku lolembetsa. Palibe amene amakuimbirani foni kapena kukutumizirani uthenga woti mwapambana, ndipo amene wachita zimenezo n'kutchula za ndalama ndi wakuba. Chinanso chimene ambiri sachimvetsa n'chakuti osankhidwa amachuluka kuposa maviza, ndipo chaka cha mayerewa chimatsekedwa pa 30 Seputembala wa chaka chotsatira. Amene sanalandire viza pofika tsikulo mwayi wake wathera pomwepo, kaya chifukwa chake chinali chomveka chotani.

Vuto loyamba linabuka tsiku lolembetsa lomwelo. Mphwanga anapita kwa mnyamata wina wa makompyuta amene amalembetsa anthu pamalipiro, ngakhale kuti panthawiyo kulembetsako kunali kwaulere. Atafika pa funso la ana, dobadobayo anamulangiza kuti alembe kuti alibe mwana, ati chifukwa mbeta ndiwo amasankhidwa msanga, komanso kufunafuna chithunzi cha mwana kuchedwetsa mzere. Chonsecho mphwanga ali ndi mwana wamkazi amene amakhala ndi mayi ake cha ku Limbuli, ndipo ukwati sunakhalepo. Mwamwayi anandiimbira asanatumize. Ndinamuuza kuti, "Iwe, mwana uja ndi wako kapena si wako?" Iye anati, "Ndi wanga, amalume, koma si amakhala kwa amayi ake?" Ndinamubweza kuti akajambulitse mwanayo, ndiponso kuti nambala yolembetsera aisunge yekha, chifukwa madobadoba ena amaisunga dala kuti adzakudyereni mukasankhidwa.

Yankho la mphwanga lija ndimaliganizirabe, chifukwa si bodza limene ankafuna kunena, koma ndi mmene tinaleredwera. Kuno kwathu mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo mwamuna akachoka pamudzi pamene anali mkamwini, ana amatsala ndi eni mbumba, iye n'kumawerenga okhawo amene ali nawo pakhomo latsopano. Fomu ya ku America siidziwa mbumba. Imafuna mwana aliyense wosakwatira amene sanakwanitse zaka 21, wobereka wekha kapena womupeza, kaya mukhala naye kaya ayi, kaya apita nawo kaya atsala. Kusiya mmodzi n'kokwanira kulepheretsa banja lonse, ndipo pofika tsiku la mafunso palibe kukonza. Chimodzimodzinso ukwati. Ankhoswe athu timawalemekeza, ndipo lamulo lathu la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wa mwambo, koma pawindo paja pamafunika pepala, osati mawu oti mudzi wonse unavina nawo pachinkhoswe.

Dzina lake litatuluka mu Meyi 2023, tinali tisanapume bwinobwino kuchokera pa namondwe wa Freddy, amene anagwetsa nyumba ya achemwali mu Malichi. Katundu wina tinamufukula m'matope, koma chikwama chimene ankasungiramo mabuku a kuchipatala ndi makadi a kusikelo a ana onse chinapita ndi madzi. Satifiketi ya MSCE inapulumuka chifukwa inali kunyumba kwanga. Titaiyala patebulo pamodzi ndi chitupa cha unzika ndi kadi ya ubatizo imene tinakaipeza kutchalitchi, ndinachita manyazi, chifukwa zinkaoneka ngati mapepala a anthu atatu. Pa chitupa cha unzika, chimene anajambulitsa pa kalembera wa mu 2017, panali dzina la bambo ake ndi chaka chobadwa cha 2000. Pa satifiketi ya sukulu panali dzina langa la makolo, ndipo chaka chinali 2002. Pa kadi ya ubatizo dzina lake loyamba linalembedwa ndi l pamene mapepala enawo ali ndi r.

Wolakwa sindingamufunefune patali, chifukwa amene anakamulembetsa kusukulu ndine. Ndinamupatsa dzina langa poti ndine ndinkamulera ndi kumulipirira, ndipo zaka ndinamuchepetsera ndekha poona kuti wayamba mochedwa ndipo anzake azimuseka. Panthawiyo aliyense akanati ndachita zaumalume. Ndikudziwanso kuti sindili ndekha: a msinkhu wanga ambiri anabwereza Sitandade 8 ndi dzina lina kuti asankhidwe kupita kusekondale, ndipo dzina lobwerekalo linawamatirira mpaka kuntchito ndi kupenshoni. Ifeyo dzina timalitenga ngati malaya, lina lovala kumunda, lina lovala kutchalitchi. Kwa wogwira ntchito ya maviza, amene ntchito yake ndi kutsimikiza kuti satifiketi ya sukuluyi ndi yanudi, kusiyana kotereku ndi chizindikiro cha chinyengo mpaka mutaonetsa umboni wina. Ndipo satifiketiyo si yokometsera chabe, chifukwa viza ya DV imafuna kuti munthu akhale atamaliza sekondale, apo ayi akhale atagwira zaka ziwiri, mkati mwa zaka zisanu zapitazo, ntchito yofuna maphunziro a zaka ziwiri.

Kukonza zimenezi kunatidyera miyezi. Tinayenda kwa amfumu, kutchalitchi, kusukulu imene anaphunzira, ku boma kukatenga satifiketi ya kubadwa, ndiponso kukalumbira pamaso pa wolumbiritsa anthu mwalamulo kuti maina onsewa ndi a munthu mmodzi. Ine ndinalumbira kuti ndinachepetsa zaka za mwana, zimene sizinali zokoma kwa munthu wa imvi ngati ine. Pa fomu yofunsira viza ya DS-260 pali malo ofunsa maina ena amene munthu anagwiritsapo ntchito, ndipo tinalembapo onse. Anthu ena ankati tikudziulula tokha. Ine ndinkaona kuti kuli bwino wofunsayo amve kwa ife kusiyana n'kuti adzitulukire yekha.

Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthu alibe mlandu imafunika kwa aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo amene anakakhalako ku Joni kapena ku Mozambique chaka chathunthu ayenera kutenganso ya kumeneko, nkhani imene imakhudza anyamata ambiri a kuno kumalire. Za ndalama ndingonena mwachidule. Malipiro a kwa kazembe anali madola 330 pa munthu aliyense, osabwezedwa ngakhale mutakanidwa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zimene tinasonkha zinasanduka zoperewera tisanazigwiritse n'komwe ntchito. Achemwali anafuna kugulitsa kamunda kawo ka tiyi, ine ndinakana. Malo kuno ku Mulanje, kumene minda ya makampani inatipanikiza kale, ukagulitsa sudzawapezanso, ndipo ofesi ya kazembe yomweyo imachenjeza kuti musagulitse katundu kapena kusiya ntchito viza isanalowe m'manja.

Tsopano za kuchipatala, kumene ndikufuna kukhalitsapo chifukwa n'kumene ndinamva malangizo oipa kwambiri. Kupimidwa kumeneku sikuchitikira pachipatala chilichonse, koma kwa dokotala yekhayo amene ofesi ya kazembe inamuvomereza, ndipo mumalipira nokha padera. Amakufunsani matenda amene munadwalapo, za mowa ndi chamba, za matenda a maganizo. Amajambula m'chifuwa aliyense wa zaka 15 kupita m'tsogolo, ndipo achinyamata a msinkhu wa mphwanga amawayezanso chindoko ndi chinzonono, matenda amene akapezeka amangopatsidwa mankhwala nkhani n'kutha. Amaonanso makatemera monga a chikuku, kafumbata ndi poliyo. Popeza kadi yake ya kusikelo inapita ndi madzi, mawu a achemwali oti mwana wawo anabayitsa onse sanawerengedwe, ndipo anabayidwanso, ife n'kulipira.

Mphwanga anadwala chifuwa chachikulu mu 2019, ndipo anamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, n'kuchira. Tsiku lopimidwa litayandikira, alangizi anachuluka pakhonde. Wina anati amwe mkaka wambiri usiku kuti mapapo akaoneke oyera pa chithunzi. Wina anati asakatchule n'komwe za 2019, poti buku la kuchipatala linatayika kale ndipo palibe angadziwe. Mkaka umapita m'mimba, sufika m'mapapo, ndipo chipsera chimene TB imasiya chimaoneka pa chithunzi kaya mwini wake wanena kaya sananene. Chimene akanapindula pobisa n'chakuti dokotala akanamuona ngati munthu wabodza, kapena wodwala amene sanalandirepo chithandizo. Iye ananena zonse, ndipo tinapita naye kuchipatala chaching'ono kumene ankalandirira mankhwala, kumene mlangizi wa zaumoyo anafufuza m'kaundula wa TB n'kupeza dzina lake ndi tsiku limene anamaliza.

Chipseracho chinaonekadi, ndipo anauzidwa kuti apereke makhololo m'mawa masiku atatu otsatizana, pamaso pa ogwira ntchito pachipatalapo. Makhololowo amawasunga m'labotale masabata asanu ndi atatu kuti aone ngati tizilombo timera, ndipo palibe ndalama kapena kudziwana kumene kungafulumizitse zimenezi. Apa m'pamene tsiku la 30 Seputembala linayamba kutilemera. Anapimidwa kumayambiriro kwa Juni. Tizilombo tikanamera, akanayenera kumwanso mankhwala miyezi isanu ndi umodzi moyang'aniridwa, ndipo chaka cha mayere chikanatha ali pamankhwala. M'nyengo ya chiperoni imeneyo, pamene aliyense kuno amatsokomola, achemwali ankati akamva mwana wawo wakhosomola kamodzi kuseri kwa nyumba ankasiya chakudya.

Ndinenepo za HIV, chifukwa ndakumana ndi anthu amene anasiya kulembetsa poopa zimenezi. Kuyambira mu Januwale 2010 boma la America linachotsa HIV pa matenda olepheretsa munthu kulowa m'dzikomo, ndipo sakuyezani pa kupimidwa kumeneku. Munthu amene wanena kuti ali ndi kachilomboka amapemphedwa makhololo, popeza TB mwa iye ikhoza kubisala osaoneka pa chithunzi, choncho ayenera kuwerengera masabata asanu ndi atatu aja pokonza nthawi yake. Sindikuona chifukwa choti munthu abise ma ARV ake paulendo ngati katundu wakuba.

Tsiku la mafunso linakwana zotsatira zisanatuluke. Tinakwera minibasi yodzera njira ya Midima mpaka ku Limbe, kenako basi ya ku Lilongwe, n'kukagona kwa achibale kuti tilawirire ku City Centre. Ine ndinatsala panja ndi foni yake, poti mafoni salowa. Atatuluka anandifotokozera kuti analipira, anapereka mapepala, anadinda zala, anakweza dzanja kulumbira kuti anena zoona, kenako anafunsidwa kumene anaphunzira, chifukwa chimene dzina la pa satifiketi likusiyanirana ndi la mu pasipoti, kumene mwana wake ali, ndi amene akamulandire akafika. Palibe funso ngakhale limodzi limene likanafuna kuloweza. M'manja anali ndi pepala lotchula gawo 221(g) la lamulo la maviza, ndipo nkhope yake inali itagwa chifukwa anaonapo mawu oti wakanidwa. Pepala limenelo kwa iye linkatanthauza kuti nkhani yaima kaye mpaka lipoti la dokotala lifike.

Zotsatira zinatuluka mu Ogasiti zili bwino, ndipo viza inadindidwa ya nthawi yochepa, chifukwa kwa munthu wa chipsera ngati iye lipoti la dokotala limagwira ntchito miyezi itatu yokha m'malo mwa isanu ndi umodzi. Anapatsidwanso envulopu yomata yoti asaitsegule kufikira ataipereka pabwalo la ndege kumeneko, ndipo achemwali anaikulunga m'chitenje chatsopano n'kuiika pansi pa pilo mpaka tsiku laulendo.

Malamulo a maviza a ku America amasinthasintha, makamaka zaka zino, choncho mitengo ndi ndondomeko zimene ndatchulazi ndi za nthawi imene ife tinkayenda, ndipo amene akukonzekera lero aone zimene ofesi ya kazembe yalemba yokha, asadalire za pakhonde langa. Za maina ndi masiku obadwa ndiye zili m'manja mwathu, ndipo kulembetsa ana obadwa kunakhala kokakamiza kuyambira mu 2015. Mwezi watha ndinatenga adzukulu anayi, kuphatikizapo kamtsikana ka ku Limbuli kaja, n'kupita nawo ku boma ndi amayi awo. Mmodzi tinamupeza kale ndi masiku obadwa awiri, la kusikelo ndi la kusukulu, ali Sitandade 2. Mapepala awo tsopano ali m'ndowa ya pulasitiki ya chivindikiro, imene ndinaipachika pamtanda wa denga kuchipinda kwanga.