Mwana wa giredi 6 ku Detroit ndi mnzake wa kutsidya ku Windsor

Ukaima m'mphepete mwa mtsinje ku Detroit, nyumba za ku Windsor umaziona bwinobwino. Detroit ili ku America, m'chigawo cha Michigan, pomwe Windsor ili ku Canada, m'chigawo cha Ontario. Mlatho wa Ambassador wakhala ukulumikiza mizinda iwiriyi kuyambira mu 1929, ndipo yonse inakulira pa mafakitale a magalimoto. Koma mwana wa zaka 11 wa m'banja losauka akamalowa giredi 6, zimene amayi ake amakumana nazo mbali ziwirizi n'zosiyana kutalitali.

Ku Detroit pafupifupi theka la ana amaphunzira m'sukulu zotchedwa charter. N'zaulere, ndalama zimachokera ku boma, koma siziyendetsedwa ndi ofesi ya maphunziro ya mzinda. Gulu la anthu limasainirana mgwirizano ndi bungwe lopereka chilolezo, kawirikawiri yunivesite monga Central Michigan kapena Grand Valley State, ndipo likalephera zimene linalonjeza, chilolezocho chitha kulandidwa. Lamulo loyamba lotere linapangidwa ku Minnesota mu 1991, la ku Michigan linabwera mu 1993. Chaka chotsatira chigawochi chinasintha kagawidwe ka ndalama kuti zizitsata mwana kulikonse kumene wapita. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Lachitatu loyamba la Okutobala ndi tsiku lowerenga ana, ndipo gawo lalikulu la ndalama za chaka chonse limadalira mitu imene yawerengedwa. Sukulu zina zimaimbiratu makolo foni, kukonza pizza, kugawa timphatso, zonsezi kuti mpando usapezeke wopanda munthu. Mwana amene masiku ena amajomba osafunsidwa, tsikuli amalandiridwa ngati mlendo wolemekezeka. Zimaseketsa, koma zimaonetsa kuti mwanayo wasanduka kasitomala wolimbirana.

Makolo sanathawe sukulu za mzinda popanda chifukwa. Kuyambira mu 2009 sukuluzi zinali m'manja mwa oyang'anira osankhidwa ndi boma la chigawo chifukwa cha ngongole. Mu 2016 aphunzitsi anajomba mwadala, akuonetsa zithunzi za nkhungu m'makoma ndi makoswe m'makalasi. Mu 2018 mipopi ya madzi akumwa inatsekedwa atapezamo mtovu ndi mkuwa. Mayi woona zotere n'kumva kuti pali sukulu ina yaulere, simungamudzudzule akasamutsa mwana.

Ndipo zina mwa sukuluzi n'zabwinodi. University Prep inayamba mu 2000 ndi ana a giredi 6. Bob Thompson, amene analemera ndi ntchito yothira phula m'misewu, anaimangira nyumba polonjezana kuti ana 90 mwa 100 alionse azimaliza sekondale, ndipo 90 mwa 100 omalizawo azipitiriza ku koleji. Msinkhu uwu sunasankhidwe mwangozi. Giredi 6 mpaka 8, yofanana ndi Sitandade 6 mpaka 8 kwathu, ndi pamene mwana wotsalira pa kuwerenga ndi masamu amayamba kuchita manyazi, kenako makani, kenako kusowa. Sukulu za charter za gulu la KIPP, zimene zinayambira mumzinda wa Houston mu 1994, zinatchuka pogwira ana a msinkhu womwewu kuyambira m'mamawa mpaka cha m'ma 5 koloko madzulo. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Stanford wa mu 2013 anapezanso kuti ana a charter ku Detroit ankapita patsogolo mofulumirirapo kuposa anzawo a sukulu za mzinda. Komabe kuposa mnzako amene wagona pansi si kuthamanga, chifukwa pa mayeso a dziko lonse Detroit yakhala kumapeto kwa mizinda ikuluikulu kwa zaka zambiri.

Chimene chimandivuta ine ndi katundu amene amasenzetsedwa kholo. Mzinda umene unali ndi anthu oposa 1.8 miliyoni mu 1950 unatsala ndi ochepera 640,000 mu 2020, koma sukulu zinkangotsegulidwabe. Sukulu za charter zambiri ku Michigan zimayendetsedwa ndi makampani ofuna phindu. Zabwinozo zikadzaza, malo amaperekedwa mwa maere. Zofookazo zimatha kutsekedwa, mwana n'kuyambanso kufuna kwina. Zambiri zilibe basi. Taganizirani mayi wogwira ntchito usiku, wopanda galimoto, m'nyengo ya chipale chofewa: sukulu yabwino ili mbali ina ya mzinda, mabasi awiri kuti akafike. Pa pepala ali ndi ufulu wosankha. Pa msewu amasankha imene miyendo ya mwana ingafikeko.

Ku Windsor nkhaniyi ndi yosasangalatsa kufotokoza, chifukwa kulibe chachilendo. Ontario ilibe sukulu za charter. Mwana amalembetsedwa ali ndi zaka 4 pasukulu ya m'dera lake, ndipo nthawi zambiri amakhala pomwepo mpaka giredi 8, osasamukira kusukulu yapakati. Mphunzitsi amene anamutsogolera kugwira pensulo amamuonabe m'khonde mawu atayamba kusintha. Kuyambira mu 1998 ndalama zimagawidwa ndi boma la chigawo potsata ndondomeko imodzi, osati potengera kulemera kwa dera. Kuwonjezera apo, mwana akadwala amakaonana ndi dokotala ndi khadi la boma, osalipira. Zimenezi si za sukulu, koma zimalowa naye m'kalasi.

Musaganize kuti uko n'kumwamba. Sukulu ya m'dera lanu ikakhala yofooka, njira zothawira n'zochepa, ndipo makolo a m'madera olemera amasonkha ndalama zowonjezera zimene osauka sangakwanitse. Kusankha kulipo, koma kobisika: boma limalipirira sukulu za Chingerezi ndi za Chifalansa, komanso za Katolika m'zilankhulo zonse ziwiri. Pafupifupi zipembedzo zina zonse sizilandira kanthu, ndipo mu 1999 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena kuti kumeneku n'kukondera. Mpaka pano sizinasinthe.

Canada yonse, chigawo chokha chimene chinalola charter ndi Alberta, mu 1994, ndipo chinaimanga zingwe: osapanga phindu, komanso kwa zaka zambiri sukuluzo sizinkaloledwa kupitirira 15. Ina mwa izo, Boyle Street ku Edmonton, imalandira achinyamata amene sukulu zina zinawalephera. Ndimaona kuti aku Alberta anatenga mankhwalawa ndi supuni, pomwe aku Michigan anamwera m'botolo.

Mukandipatsa mwana mmodzi, galimoto ndi nthawi yoyenda khomo ndi khomo, nditha kumupezera ku Detroit sukulu imene ingamukoke mwamphamvu kuposa ya m'dera losauka ku Windsor. Koma mukandipatsa ana onse a mumsewu umodzi, kuphatikizapo uja wokhala ndi agogo osadziwa kudzaza fomu pa intaneti, ndiwawolotsa mlatho. Agogowo akadzaza fomu kamodzi, ndipo pepala lina lalikulu adzaliona mdzukulu akamapita giredi 9.