Usipa umene sindinaumve fungo

Dzulo mwini nyumba anandiimika pamakwerero, alendi anzanga akuona, n'kundiuza kuti fungo la usipa wanga lalowa mpaka m'zovala za anthu a m'chipinda cham'mwamba. Usipawo ndi umene mlamu wanga anandinyamulira kuchokera ku Nkhata Bay kudzafika nawo kuno ku Leicester, ku England, ndipo ine mwini wake sindinaumve fungo ngakhale pang'ono, chifukwa mphuno yanga inasiya ntchito mu 2021 nditadwala Covid-19.

Inu anzanga osamalira okalamba mukudziwa kuti ntchito yathu imadalira mphuno. Ine ndimazindikira kuti agogo adziipitsira pokhapokha mnzanga akakwinya nkhope, ndipo abwana amati ndi ulesi. Nsima ikapserera, chimene chimandiuza ndi alamu ya utsi, imene imadzutsa nyumba yonse. Nditadikira miyezi yambiri, dokotala anandilangiza kuti ndizinunkhiza mafuta a mandimu, a rozi, a clove ndi a bulugamu kawiri pa tsiku. Bulugamu! Ndinakwera ndege, n'kulipira viza, kudzauzidwa za mtengo umene amayi ankatiwiritsira masamba ake tikagwidwa chimfine.

Komabe za usipa zija zikundiwawa, chifukwa ndinapepesa, mutu uli pansi, pa mlandu umene umboni wake sindingaumve.

Usiku ndimawerenga za akatswiri amene akuyesa kudzutsa fungo ndi magetsi. Mu 2018, ku chipatala cha Massachusetts Eye and Ear ku Boston, Dr Eric Holbrook analowetsa timawaya m'mphuno za anthu asanu kuti mphamvu ya magetsi ifike pa mbali ya ubongo yolandira fungo, ndipo atatu anamva fungo, lina ngati la anyezi. Asanu onsewo anali anthu omva kale fungo! Ku Virginia Commonwealth University akukonza kachipangizo kofanana ndi kamene amaika m'khutu la munthu wosamva, koma sikanafike m'zipatala zathu wamba. Ndikuona kale tsoka langa: ndidzabwerera kumudzi ndi mphuno yoyendera magetsi, magetsiwo n'kuzima ndiwo zili pamoto.

Ndipo mwini nyumbayo, amene galu wake amagona pasofa, ndiye wondiphunzitsa ine za fungo.

Lamlungu amayi anaimba foni kuti mvula yoyamba yagwa, dothi likununkhira mudzi wonse, ndipo anafunsa ngati ndikulikumbukira. Ndinavomera. Sindinawauze kuti chimene ndikuopa n'chakuti ndidzawakumbatira pa bwalo la ndege la Kamuzu, nkhope yanga ili m'chitenje chawo chonunkhira utsi wa kukhitchini, ine osamva kanthu.