Tinti wakuda bii si mankhwala a denga lagalasi

Eni magalimoto a denga lagalasi, monga Nissan Dualis ndi Honda Airwave, dzuwa la Okutobala likangoswa mtengo mumathamangira kokamatitsa tinti wakuda bii. Ine ndikuti uku ndi kutaya ndalama.

Masana dzuwa lili paliwombo, galasi la sikweya mita imodzi limalandira mphamvu ya mawati pafupifupi 1,000. Pafupifupi theka la mphamvuyi ndi infrared, kuwala kumene maso saona koma khungu limamva. Tinti wotchipa, wongopakidwa utoto, amachepetsa makamaka kuwala kooneka. Infrared imadutsabe, ndipo kutentha kumene utotowo wamwa kumatenthetsa galasi, galasilo n'kumakuwambani pamutu ngati chiwaya. Pakapita nthawi amasanduka wapepo n'kuyamba matuza.

Tinti wabwino ndi wa ceramic, wokhala ndi tinthu ting'onoting'ono totchinga infrared. Pogula musafunse kuti ndi wakuda bwanji, funsani nambala ya TSER, imene imanena gawo la mphamvu yonse ya dzuwa lomwe tintiyo amatsekereza. Ikafika 50 kapena 60 peresenti, ameneyo ndiye tinti. Wogulitsa akamangokuuzani za "IR 99%" chenjerani, nambala imeneyo ambiri amayeza pa kachigawo kochepa chabe ka infrared. Wachitsulo wonyezimira amabweza kutentha ndithu, koma amatha kusokoneza GPS ndi netiweki ya foni.

Musanamate, werengani kachidindo ka pakona pa galasi. Likalembedwa Tempered, ndiye kuti ndi galasi lolimbitsidwa ndi moto, ndipo limapirira. Likalembedwa Laminated, ndiye kuti ndi magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, ndipo tinti wakuda kwambiri angaling'ambe: pakati pamatentha n'kufutukuka pamene m'mphepete mukadali mozizira. Ngati pali kale kamng'alu m'mphepete, musayerekeze n'komwe.

Pomata, galasi litsukidwe mpaka lisakhale ndi fumbi, madzi opopera akhale ndi timadontho tochepa ta shampu ya ana, ndipo ntchitoyi ichitikire mkati mwa galaja, osati pambali pa msewu. Denga lotsekuka musalitsekule kwa masiku 3 mpaka 5. Timatuza ta madzi timauma tokha, musatiboole. Mankhwala otsukira okhala ndi amoniya amawononga tinti.

Ngati thumba silikulola, gulani chotchinga chonyezimira chija timaika pagalasi lakutsogolo, muchidule molingana ndi denga, muchilowetse pakati pa galasi ndi katani yake, mbali yonyezimira iyang'ane kumwamba. Katani yokhayo sikwanira, chifukwa imatchinga dzuwa litalowa kale, ndiye imatentha n'kumathira mpweya wotentha m'mutu.

Choposa zonse ndi kuletsa dzuwa lisanakhudze galasi. Vinyl woyera, pepala la pulasitiki lomata kunja, amachita zimenezo, ngakhale thambo simudzalionanso. Wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa sangadandaule nazo. Polowa m'galimoto yomwe yakhala padzuwa, tsekulani mawindo onse kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mukuyenda, kenako mutseke, AC muyiike yozungulitsa mpweya wa mkati.