Musanyoze njerwa za San Vitale

Inu amene mwalemba nkhani ya tchalitchi cha San Vitale mumzinda wa Ravenna ku Italy, mwalemba bwino, koma pomwe mwati kunja kwake n'kosagwira mtima ndikutsutsaniko pang'ono. Inde, ndi njerwa zofiira basi, koma taonani kaimidwe kake: nyumba ya mbali zisanu ndi zitatu, osati chinyumba chachitali ngati matchalitchi ambiri. Amisiri aja ankadziwa chomwe akuchita, kukongola konse anakusungira m'kati.

Ine chomwe chinandiimitsa nthawi yaitali ndi chithunzi cha pakhoma cha mfumukazi Theodora, cholumikizidwa ndi timiyala ndi tizidutswa ta galasi tambirimbiri. Wanyamula chikho cha vinyo wa Misa, ndipo kumunsi kwa mkanjo wake kuli anzeru atatu a kum'mawa aja ali ndi mphatso zawo. Ambiri amangodutsa osawaona. Khoma linalo kuli mwamuna wake, mfumu Justinian ya ufumu wa Roma wa kum'mawa, yemwe sanapondeko n'komwe ku Ravenna! Pa anthu onse amene aimirira naye, dzina lolembedwa ndi limodzi lokha, la bishopu Maximian, amene anapatula tchalitchichi mu 547. Bambo ameneyu sanafune kuiwalika ayi.

Komanso Yesu wa pamwamba pa guwa uja alibe ndevu, mwaiwala kutchula zimenezo.