Wosadziwa kupeza do asakhale pa kiyibodi

Lamulungu lapitali ndinapsa mtima m'tchalitchi. Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo bwinobwino, koma mnyamata wa pa kiyibodi anatha vesi yonse yoyamba akudinadina batani la transpose, losinthira kiyi ya nyimbo, kukweza ndi kutsitsa, mpaka amayi aja anasokonezeka n'kuisiyira nyimbo panjira. Mpingo unawayang'ana amayiwo ngati alakwitsa ndi iwo, chikhalirecho wolakwa anali uja wakhala kumbuyo kwa chida chimene sakuchidziwa.

Ndikunena mosapsatira kuti munthu amene khutu lake silingathe kupeza do wa nyimbo, liwu loyamba lija la do re mi limene nyimbo imakhazikikapo, sayenera kuimbira anthu. Kupeza do si matsenga ayi. Nyimbo zambiri za m'buku zimathera pa do, choncho ng'ung'udzani mawu otsirizawo, muwafunefune pa kiyibodi chapansipansi, ndipo pamene agwirizana ndi pomwe pali kiyi yanu. Kuchokera pamenepo, mukamawerenga mabatani oyera ndi akuda omwe, muyende awiri, awiri, limodzi, kenako awiri, awiri, awiri ndi limodzi, basi mwatulutsa sikelo yonse kuyambira do kufika do wapamwamba. Makodi (mabatani odinidwa limodzi) atatu okha, ya do mi so, ya fa la do ndi ya so ti re, amanyamula nyimbo zochuluka zimene timaimba. Mu kiyi ya C makodiwo ndi C, F ndi G, ndipo mu kiyi ya G ndi G, C ndi D. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Koma achinyamata athu aloweza kiyi imodzi yokha, kawirikawiri F#, ndipo pa makiyi 12 onse amene alipo, ena otsalawo anawasiyira batani la transpose. Mwina n'chifukwa chosowa owaphunzitsa, komabe ulesi ulipo. Safunsa anadya phula. M'mipingo mwathu muli madala amene anakulira pa solofa, oti mukawapatsa pepala la d r m f s amaimba nthawi yomweyo popanda chida chilichonse, koma palibe mnyamata amene amapita kukakhala nawo pansi kuti amuthandize kusula khutu. Aliyense akufuna kuoneka kutsogolo lero lomwe, do asanamudziwe.

Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti osadziwa kiyi omwewa ndi amene amakweza voliyumu mpaka mazenera kunjenjemera, moti mawu a nyimbo samvekanso ngakhale kwa amene akhala pa benchi yakutsogolo.