Chenjezo kwa mafurry ndi inu owajambula: walira mvula walira matope

Ana inu, taikani kaye foniyo pansi mumve. Ndakhala chete nthawi yaitali, koma zimene zikuyenda pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp masiku ano zandiyankhulitsa. Timakanema ta anthu ovala ngati nkhandwe, agalu ndi akambuku tikungozungulira, wina kuseka n'kuponyera mnzake, mnzakeyo n'kuwonjezera bodza lake pamwamba. Palibe amene akuima n'kukumbukira kuti m'kati mwa ubweyawo muli mwana wa munthu.

Anthuwa amadzitcha mafurry. Amakonda nyama zokhala ngati anthu, zoyenda ndi miyendo iwiri, zolankhula ndi kuganiza. Ife amene tinakulira pa nthano za Kalulu ndi Fisi sitiyenera kuchita kudabwa kwambiri. Aliyense amadzisankhira nyama yake n'kuipatsa dzina ndi khalidwe, ndiyo amati fursona. Ambiri amathera pa kujambula zithunzi kapena kugula kwa anzawo odziwa kujambula. Okhala ndi chovala chathunthu, chimene amati fursuit, ndi ochepa, chifukwa chimasokedwa pamanja ndipo mtengo wake umafika madola masauzande angapo.

Msonkhano wawo woyamba, ConFurence, unachitikira ku Costa Mesa ku California mu 1989, ndipo anthu ake sanakwane n'komwe 100. Ankadziwana maina. Wina wotchedwa Anthrocon unayambira ku Albany mu 1997, n'kusamukira ku Pittsburgh mu 2006, ndipo mu 2024 kunasonkhana anthu oposa 17,000. Kamudzi kasanduka tauni. Ndiye achinyamata ena a m'gululi akangomva kuti woimba wakuti watitchula, kapena kampani yakuti yatiika pa malonda, amavina ndi chimwemwe ngati alandira ufumu. Inu ndi amene ndikufuna ndiyambe nanu. Munafunsa akuluakulu anu zimene kamera inawachita?

Mu 2001 magazini ya Vanity Fair inalemba za iwo, n'kusankha zokhazo zochititsa manyazi. Mu 2003 sewero la pa kanema la CSI linawaonetsa ngati anthu ongosonkhanira zadama. Sindikunena kuti m'gululi mulibe za akuluakulu. Zilimo, ndipo eni ake sakana. Koma kamera inatenga kachigawo kamodzi n'kukasandutsa nkhope ya onse, moti kwa zaka zambiri munthu wongokonda kujambula nkhandwe ankachita kubisa kuntchito ndi kunyumba. N'chifukwa chake misonkhano yambiri inaika malamulo okhwima kwa atolankhani. Sanali mwano, anali atapsa kale.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha mu December 2014. Pa msonkhano wa Midwest FurFest ku Rosemont, pafupi ndi Chicago, mpweya wa chlorine unafalikira mu hotela usiku. Anthu anatulutsidwa panja m'nyengo yozizira ija, ndipo 19 anathamangira nawo kuchipatala. Apolisi anaitenga nkhaniyo ngati yochita dala. Nkhani itafika pa pulogalamu ya m'mawa ya Morning Joe, mmodzi wa oulutsa pulogalamuyo, Mika Brzezinski, atauzidwa kuti mafurry ndi ndani, anagwidwa ndi phwete mpaka kudzuka pampando n'kuthawa kamera. Anthu apuma poizoni, dziko likuseka michira yawo. Ndiko kutchuka kumene mukulirira kumeneku?

Otchukawo musawaike m'dengu limodzi, n'zoona. SonicFox, katswiri wa masewera omenyana a pakompyuta, atapambana mphoto pa The Game Awards mu 2018 anakwera pansanja ndi chovala chake cha ubweya n'kunena poyera kuti ndi furry. Ameneyo ndi mwana wa m'mudzimo, anatchuka ali kale m'gulu. Koma taonani za Lindsay Lohan, katswiri wa mafilimu wa ku America, mu 2021. Anatulukira ndi chithunzi chake ngati galu n'kumachigulitsa monga NFT (umwini wa chithunzi wogulitsidwa pa intaneti), chithunzi choti ngakhale makutu agaluwo sankaoneka. Mafurry anachikana, ndipo anachita bwino. Munthu wobwera ndi thumba la ndalama lotsegula kale sanabwere kudzacheza. Mu 2019 Milo Yiannopoulos, wodziwika ndi kuputa anthu pa ndale, analengeza kuti apita ku Midwest FurFest, ndipo okonza msonkhano anamutsekera khomo. Apo ndinawaombera m'manja. Koma funso langa n'lakuti, gulu likadzafika pomadalira ndalama za makampani ndi maina akuluakulu, mphamvu yotseka khomo idzakhalapobe?

Tsopano ndibwere kwa inu abale anga otumiza zilizonse. Kuyambira kumapeto kwa 2021 kunabuka mphekesera ku America yoti sukulu zikuika mabokosi a mchenga, aja amadzithandiziramo amphaka, kuti ana odzitcha nyama azigwiritsa ntchito. Linali bodza lamkunkhuniza. Phungu wina wa ku Nebraska, Bruce Bostelman, analinena m'nyumba ya malamulo mu March 2022, kenako anavomera kuti si zoona. Joe Rogan, woulutsa mawu pa intaneti amene amamvedwa ndi anthu mamiliyoni, analinenanso chaka chomwecho, pambuyo pake n'kuvomera kuti analibe umboni. Kuvomerako anamva ndi angati? Bodza linali litakwera kale ndege, ndipo mpaka lero limatulukirabe m'mafoni mwathu ndi mawu akuti "dziko latha". Wolitumiza ndi munthu wamkulu, wa imvi ngati ine, mwina mkulu wa mpingo. Manyazi mulibe? Amene amalipira bodza limeneli si Rogan. Ndi kamwana kamanyazi ka kusukulu kamene kanangojambula nkhandwe kumbuyo kwa kope, anzake n'kuyamba kukauwa ngati galu pakhomo la kalasi.

Nanu mafurry musadzione ngati oyera. Ku Seattle kunali msonkhano wotchedwa RainFurrest. Mu 2015 ena mwa obwera anawononga zinthu mu hotela, kuledzera ndi kuchita zosayenera poyera, mpaka okonza anasowa malo ena owalandira ndipo msonkhanowo unathera pomwepo. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Kale cholakwa chotere chinkathera m'makutu a anthu ochepa. Lero aliyense ali ndi kamera m'thumba, ndipo chopusa chimodzi cha usiku umodzi chimaonedwa ndi dziko lonse kusanache.

Gulu likakula msanga, mwambo sufika kwa onse. Akale anali ndi malamulo awo osavuta, monga aja amati 6-2-1: kugona maola 6, kudya kawiri, kusamba kamodzi tsiku lililonse la msonkhano. Musaseke, m'kati mwa chovala chija mumatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa, ndipo munthu angathe kukomoka. Wovalayo saona bwino m'mbali, n'chifukwa chake ambiri amayenda ndi mnzawo wowatsogolera. Ndiye kubwere mlendo wongoonera pa TikTok, kumudumphira kumsana, kumukoka mchira umene wina anasoka milungu yambiri, kumukumbatira osapempha, zonsezo pofuna kakanema ka masekondi khumi. Umenewo ndi umbuli wosakaniza ndi mwano. Pamodzi ndi alendo otere pamabweranso akuba: ena amatenga zithunzi za zovala za amisiri enieni n'kumatsatsa pa intaneti ngati zawo, mwana n'kutumiza ndalama zimene wasunga chaka chonse, kulandira chisanza kapena osalandira kanthu.

Makolo, apa ndiye tcherani khutu. Gululi linayamba ndi anthu akuluakulu, ndipo mbali zina za zojambula zawo si za ana. Kutchuka kwakokera ana aang'ono m'malo amene sanamangidwire iwo. Mwana wanu akayamba kukonda zimenezi, kumukalipira ndi kumutcha wamisala kumangomuthamangitsira m'magulu obisika kumene simungamuone. Khalani naye pansi, muone amene akucheza naye ndi zaka zawo.

Ife Achewa nkhani ya chigoba ndi kamera siyachilendo. Sindikufanizira Gule Wamkulu ndi masewera a ku Pittsburgh, ndingalakwire makolo. Gule ndi mwambo wa mizimu, izi ndi zosangalatsa chabe. Koma chiyambire pamene UNESCO inaulemekeza mu 2005, ndani sanamvepo akuluakulu a kudambwe akudandaula za anyamata otenga gule n'kumapemphera ndalama pamsewu, ndi alendo ofuna kujambula zosayenera kujambulidwa? Tikudziwa kuti chinthu chikakomera anthu akunja, oyamba kuvutika ndi eni ake.

Inu amene muli ku Britain, ku Birmingham kumachitika msonkhano wawo wotchedwa ConFuzzled, ndipo tsiku lina mudzakumana nawo pafupi ndi hotela kapena pa siteshoni. Mukafuna chithunzi, pemphani, ambiri amavomera mokondwa chifukwa chovalacho anachisokera kuti chioneke. Koma mukaona wina wavula mutu wa chovala kuti apume, thukuta lili kamukamu, foniyo ibwerere m'thumba. Pa misonkhano yawo amachita kupatula chipinda chovulira mitu, ndipo kujambula m'menemo n'koletsedwa. Nkhope imene mwaionayo mwina ndi ya mphunzitsi kapena namwino amene abwana ake sadziwa kanthu, ndipo Lolemba m'mawa akuyenera kukalowa pantchito.