Siyani kuuza wodwala kuti alimbe mtima

Dzulo ndinachita kutuluka mu ofesi kuopa kulankhula zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Mnzathu wina, amene kale ankatiseketsa mpaka nthiti kuwawa, anatiuza kuti mwezi wathunthu tulo sakutiona. Akuti amadzidzimuka cha m'ma 3 koloko usiku n'kumangoyang'ana kudenga mpaka kuche. Chakudya sichikulowa, lamba wachita kuboola bowo lina. Mpira umene ankaufera uja saufunanso n'komwe. Ndiye bambo wina, wamkulu ndithu wa imvi zake, kuseka amvekere, "Mphwanga, mwamuna salira. Limba mtima, zimenezo n'za anthu osowa chochita."

Limba mtima? Zoona?

Amenewa ndi matenda, abale anga. Matenda! Bambo omwewa amameza mapiritsi a BP m'mawa uliwonse, kabotolo kake kamakhala pa desiki pomwepo, koma palibe anawauzapo kuti magazi awo akuthamanga chifukwa chosowa chochita. Wa shuga timamuperekeza kuchipatala. Wa chifuwa timamuperekeza. Koma wodwala maganizo timamupatsa ulaliki waulere. Mwendo ukathyoka timati ngozi, maganizo akathyoka timati ulesi.

Munthu akatha masabata awiri kapena kuposa ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene ankazikonda zitamusukulukira, tulo tasokonekera, thupi lili lefu, akudziona ngati wachabechabe, ameneyo akudwala. Madokotala amayambira pomwepo. Nkhawa nayonso ikafika poipa si mantha wamba ayi: mtima umagunda ngati utuluka, m'manja thukuta, mpweya kubanika, munthu n'kumaona ngati akufa pomwe wangokhala pampando. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda okhumudwa, ndipo 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa. Onsewo n'ngosowa chochita?

Zoyambitsa n'zambiri, imfa, ngongole, banja kutha, za kumtundu, pena palibe n'choloza chomwe. Imeneyo si nkhani yanga lero. Nkhani yanga ndi yakuti wodwala apite kwa amene anaphunzira ntchitoyo, basi. Dokotala alipo, namwino alipo, aphungu a zamaganizo alipo. Ena amachira ndi uphungu wokha, kukhala pansi n'kumakambirana sabata ndi sabata. Ena amafunika mankhwala ngati fluoxetine kapena amitriptyline, ndipo amenewa si Panado woti wamwa pano mutu wasiya pano. Amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, komanso suwasiya wekha chifukwa wayamba kupezako bwino, umayamba wafunsa dokotala.

Musandimve molakwa, kupemphera nanenso ndimapemphera. Koma malungo akandigwira ndimapemphera ndili pa mzere wa kuchipatala. Bwanji matenda awa okha tikufuna kuwachiza ndi pakamwa?

Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ndipo manyaziwo timawapatsa ndife, ndi kuseka kwathuku. Mnzathu uja atasekedwa anangoti, "Ayi ndimangocheza," n'kutembenukira ku kompyuta yake. Ndinaona dzanja likunjenjemera pa mbewa ya kompyutayo. Kodi mawa adzauzanso ndani?

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi chakuti anthu omwewa ndi amene amayamba kulemba pa Facebook munthu akadzipha. Zithunzi, timakandulo, "bwanji sanalankhule?" Analankhula! Munamuuza kuti mwamuna salira. Anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lino, ndipo ife tikadali pa nthabwala.

Ndiye palinso inu amene mnzanu akakuuzani zakukhosi pa WhatsApp mumajambula uthengawo n'kuutumiza kugulu, ati "taonani uyu wayamba misala." Munthu wangopita kukaonana ndi dokotala wa maganizo kamodzi kokha, mwamupatsa kale dzina. Inuyo ndiye sindikufuna n'kuyamba nanu lero.